Kodi mapiritsi a potaziyamu, maginiziyamu ndi kashiyamu amatsitsa BP?

Funso

Ndine mayi wa zaka 53. Ndakhala ndikumwa mankhwala a BP kwa zaka zitatu, hydrochlorothiazide wa 25 mg ndi enalapril wa 10 mg, komabe ndikapita kukiliniki BP yanga imangokhala cha m'ma 150/94. Ndimamwanso ma ARV aja a piritsi limodzi patsiku, komanso bactrim. Mwana wanga wa ku Johannesburg wanditumizira mabotolo atatu: la potaziyamu 99 mg, la magnesium oxide 500 mg, ndi la kashiyamu wosakaniza ndi vitamini D. Akuti anthu ambiri kumeneko akutsitsa BP ndi zimenezi. Kodi ndi zoona? Ndizimwa angati patsiku? Nanga BP ikatsika ndingasiye mankhwala a kuchipatala?

Yankho

Mayi, botolo la potaziyamulo liyambe lakhala pambali, musalitsegule mpaka mutayezetsa magazi. Mabotolo awiri enawo sali oopsa chimodzimodzi, koma akhoza kusokoneza ma ARV anu mukawamwera nthawi imodzi. Mankhwala a kuchipatala musasiye ngakhale BP itatsika, chifukwa ikatsika ndiye kuti mankhwalawo akugwira ntchito, ndipo mukangowasiya imakweranso pakangopita masiku kapena masabata ochepa.

Mwana wanu sananame kotheratu. Michere itatuyi imakhudzadi kuthamanga kwa magazi, koma chimene ogulitsa amachilumpha ndi kukula kwa phindulo. Inu muli pa 150/94, ndipo kuchipatala akufuna mutsike pansi pa 140/90, mwinanso nambala yapamwamba ifike pansi pa 130 ngati muli ndi shuga, vuto la impso kapena la mtima. Ndiye kuti mukufunika kutsika ndi 10 mpaka 20. Mtundu umodzi wa mankhwala a BP, womwedwa pa mlingo woyenera, umatsitsa pafupifupi 9 pamwamba ndi 5 pansi. Maginiziyamu, ataphatikiza zotsatira za kafukufuku 34 mu 2016, anapezeka kuti amatsitsa pafupifupi 2 pamwamba ndi 2 pansi, pa anthu amene ankamwa cha m'ma 370 mg patsiku kwa miyezi itatu. Kashiyamu amachepera pamenepo, phindu lake limakhala pakati pa 1 ndi 2. Potaziyamu ndiye wamphamvu pa onse: mwa anthu amene ali kale ndi BP, kuwonjezera potaziyamu mokwanira kumatsitsa cha m'ma 5 pamwamba ndi 3 pansi. Kuchepetsa mchere wa m'ndiwo ndi magalamu 4 patsiku kumatsitsa mofanana ndi pamenepo, popanda kugula kanthu.

Tsoka lake n'lakuti potaziyamu yemweyo, amene ali ndi phindu looneka, ndi amenenso angaphe munthu.

Potaziyamu amatsitsa BP m'njira ziwiri. Akakhala wokwanira m'thupi, impso zimatulutsa sodiyamu (gawo la mchere wa m'ndiwo limene limakweza BP) wambiri mu mkodzo, ndipo sodiyamu akamachoka amachoka ndi madzi, motero magazi oyenda m'mitsempha amacheperako. Amathandizanso kuti makoma a mitsempha asamakhale okungika. Bungwe la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu azipeza potaziyamu wosachepera 3,510 mg patsiku, ndipo sodiyamu asamafike 2,000 mg, komwe ndi mchere wosapitirira magalamu 5, kasupuni ka tiyi kamodzi kosadzadza, tsiku lonse, kuphatikiza wobisika m'zakudya zogula.

Tsono taonani botolo lanulo. Piritsi limodzi lili ndi 99 mg. Kuti mupeze 3,510 mg mungafunike mapiritsi 35 patsiku. Mukamamwa limodzi kapena awiri monga amalembera pabotolo, mwapeza potaziyamu wosafika ngakhale theka la amene ali mu nthochi imodzi, ndipo BP siisuntha. Mukati muwonjezere kuti agwire ntchito, mwalowa m'dera langozi. Opanga amawachepetsa dala chonchi chifukwa potaziyamu wa m'mapiritsi akaunjikana malo amodzi amatha kuwotcha m'mimba ndi m'matumbo, komanso amalowa m'magazi mofulumira kusiyana ndi wa m'chakudya. Alipo mapiritsi amphamvu a potassium chloride 600 mg, amene amakhala ndi potaziyamu woposa pang'ono 300 mg lililonse, koma amenewo amapereka ndi dokotala kwa munthu amene magazi ake aonetsa kuti potaziyamu watsika, ndipo amamuyezanso pakapita nthawi.

M'magazi, potaziyamu amayenera kukhala pakati pa 3.5 ndi 5.0. Mpata wake ndi wochepa chonchi chifukwa kugunda kwa mtima kumadalira iyeyu. Akapitirira 5.5 madokotala amayamba kuda nkhawa, akafika 6.5 ndi matenda ogonekedwa nawo tsiku lomwelo. Choopsa kwambiri n'chakuti nthawi zambiri sachenjeza. Ena amamva kufooka kwa miyendo, dzanzi, kapena mtima kudumphadumpha, koma ena samva kalikonse mpaka mtima utasokonekera. Chiwalo chimene chimataya potaziyamu wotsala ndi impso, choncho chilichonse chofooketsa impso kapena choziuza kuti zisunge potaziyamu chimakweza ngoziyo.

Pa mankhwala amene mwatchula, zinthu zotere zilipo zingapo. Enalapril amachititsa impso kusunga potaziyamu, ndipo chimodzimodzi losartan ndi spironolactone kwa amene amamwa amenewo. Bactrim ali ndi mankhwala otchedwa trimethoprim amene nawonso amatsekereza potaziyamu kuti asatuluke, ndipo bactrim ndi enalapril akakumana m'thupi limodzi potaziyamu amakwera mosavuta, makamaka mwa anthu achikulire. Ma ARV a piritsi limodzi amene ambiri akumwa masiku ano ali ndi tenofovir, lamivudine ndi dolutegravir, ndipo tenofovir amatha kufooketsa impso mwa anthu ena. BP yokhala yokwera kwa zaka nayonso imadya impso mwakachetechete. Kumbali inayi, hydrochlorothiazide amachita zosiyana: amataya potaziyamu ndi maginiziyamu mu mkodzo. Ndiye m'thupi mwanu muli mankhwala okokera uku ndi ena okokera uko, ndipo palibe katswiri amene angakuuzeni mongoyang'ana nkhope kuti potaziyamu wanu ali pati. Chimene chingatiuze ndi magazi basi. Mukapita kukiliniki pemphani kuti akuyezeni creatinine (amene amaonetsa mmene impso zikugwirira ntchito) ndi potaziyamu, ena amangolemba kuti U&E. Ngati chipatala chanu chaching'ono sichiyeza, akhoza kukutumizani ku chipatala chachikulu cha boma. Munthu amene ali pa enalapril ndi tenofovir amayenera kuyezedwa zimenezi kamodzi pachaka ngakhale asakumwa potaziyamu, komanso pakangopita sabata imodzi kapena awiri mlingo wa enalapril ukasinthidwa.

Musaiwalenso mankhwala opha ululu. Brufen, diclofenac ndi indocid, amene anthu amagula m'magolosale akamva msana kapena mawondo, amakweza BP, amafooketsa mphamvu ya enalapril ndi hydrochlorothiazide, amavulaza impso, ndiponso amakweza potaziyamu. Munthu wa BP akafuna chopha ululu ayambire pa panado.

Ngati magazi aonetsa kuti impso zili bwino ndipo potaziyamu ali pakatikati, njira yabwino yomuwonjezera ndi mbale yanu, ndipo pa ichi kwathu kuno tili ndi mwayi. Nayi nkhani yake m'manambala, mongoyerekeza, poti kukula kwa zinthu kumasiyana. Mbatata imodzi yapakatikati yowotcha ndi makoko ake imapereka cha m'ma 500 mg. Kapu imodzi ya nyemba zophika ili ndi 700 mg, nandolo ndi khobwe sizitalikira pamenepo. Kapu ya bonongwe wophika ili ndi 800 mg. Nthochi ziwiri, 840 mg. Theka la peyala, pafupifupi 500 mg. Mtedza wodzadza dzanja limodzi, 200 mg. Mukaphatikiza zimenezi mwadutsa kale 3,500 mg, musanawerengere tomato wa m'ndiwo, nsima, maungu kapena mbatatesi. Palibe chachilendo pa mndandandawu, zonse zili pamsika wapafupi. Potaziyamu wa m'chakudya amalowa m'magazi pang'onopang'ono, ndipo amabwera limodzi ndi maginiziyamu, kashiyamu ndi gaga wothandiza m'mimba. N'chifukwa chake kafukufuku wa kadyedwe ka DASH wa ku America mu 1997, kodya masamba, zipatso ndi mkaka wopanda mafuta ambiri, anatsitsa BP ya odwala ndi 11 pamwamba ndi 5 pansi, kuposa zimene piritsi la potaziyamu, maginiziyamu kapena kashiyamu palokha linachitapo.

Kaphikidwe kakhoza kukulandani phindu lonseli. Potaziyamu amasungunuka m'madzi. Mukawiritsa nkhwani, mpiru kapena chigwada m'madzi ambiri n'kukhetsa madziwo, gawo lalikulu la potaziyamu lapita pansi. Ndipotu odwala impso amaphunzitsidwa dala kuphika chomwecho kuti amuchotse. Inu amene mukumufuna, thirani madzi ochepa oti aphwere momwemo, kapena msuzi wotsalawo udyedwe. Mbatata ndi mbatatesi ziphikidwe ndi makoko kapena ziwotchedwe, osati kuzisenda, kuziduladula n'kuziviika m'madzi. Ngati muli ndi shuga, potaziyamu wanu achokere kwambiri ku nyemba, masamba, mapeyala ndi mtedza, nthochi ndi mbatata zikhale zochepa.

Pali chinthu chimodzi chogula chimene umboni wake ndi wolimba kuposa mapiritsi onse atatuwo, ndicho mchere wochepetsedwa sodiyamu, umene gawo lina la sodiyamu amalisinthanitsa ndi potassium chloride. Ku China anachita kafukufuku m'midzi 600, pa anthu pafupifupi 21,000 amene ambiri mwa iwo anadwalapo sitiroko kapena anali okalamba a BP. Midzi ina inapatsidwa mchere wokhala ndi 75 peresenti mchere wamba ndi 25 peresenti potassium chloride, ina inapitiriza ndi mchere wamba. Zotsatira zinatuluka mu 2021: patatha zaka pafupifupi zisanu, sitiroko inachepa ndi 14 peresenti ndipo imfa zinachepa ndi 12 peresenti kwa odya mchere wosakanizawo. Apa sitikunena za manambala a pamakina okha, tikunena za anthu amene sanafe ziwalo. Mu January 2025 WHO inatulutsa malangizo olimbikitsa mchere wotere kwa akuluakulu, koma inapatula ana, amayi oyembekezera ndi aliyense amene impso zake sizitulutsa bwino potaziyamu. Ku China komweko, odwala impso kwambiri ndi omwa mankhwala osunga potaziyamu monga spironolactone sanalowetsedwe m'kafukufukuyo.

Ndiye kwa inu, mchere umenewu nawonso udikire zotsatira za magazi ndi chilolezo cha dokotala. Mukadzaloledwa, werengani paketi. Kasupuni ka tiyi ka mchere wa 25 peresenti kali ndi potaziyamu wokwana pafupifupi 650 mg, pamene mitundu ina monga LoSalt ili ndi magawo awiri mwa atatu a potassium chloride, ndipo kasupuni komweko kamafika cha m'ma 1,700 mg. Kusiyana kumeneku si kwamasewera kwa munthu wa enalapril ndi bactrim. Onaninso ngati uli ndi ayodini, chifukwa mchere wathu wamba ndi umene umateteza banja ku chithokomiro. Ndipo poti onse amadya mphika umodzi, ganizirani ngati m'nyumbamo muli wodwala impso, wapakati kapena ana aang'ono. Anthu ena amati poti mcherewu ndi wabwino ndiye azithira wambiri. Ayi, sodiyamu akadalimo, mlingo wake ndi womwe uja kapena kucheperapo. Za mchere wapinki wa ku Himalaya ndi wa m'nyanja zisakutayitseni ndalama: pafupifupi wonse ndi sodium chloride yemweyo, timichere tina timene amatama tilimo tochepa kwambiri moti sitingasinthe BP.

Pa nkhani ya sodiyamu, wambiri sachokera m'kabotolo ka patebulo. Onani soda wothira mu therere ndi m'masamba kuti afewe msanga. Soda ndi sodium bicarbonate, ndipo kasupuni ka tiyi kamodzi kali ndi sodiyamu woposa 1,200 mg, kuposa theka la mlingo wa tsiku lonse, chikhalirecho sawawa mchere pakamwa, ndiye wophika amathiranso mchere pamwamba pake. Chidulo chochokera ku phulusa la zomera chimakhala ndi potaziyamu wambiri m'malo mwa sodiyamu, koma mphamvu yake imasiyana malinga ndi phulusa lake ndi kachezedwe kake, kotero odwala impso asachiyese chopanda vuto. Makyubu ndi timapaketi tokometsera ndiwo, gawo lalikulu ndi mchere, ndiye mukathira kyubu musathirenso mchere. Nsomba zouma zothira mchere muziziviika m'madzi ofunda kwa mphindi 20 kapena 30 n'kutaya madziwo musanaphike. Soseji, polony, tchipisi ta m'mapaketi, mtedza wokazinga ndi mchere, ngakhale buledi, zonsezi zimawonjezera. Kumwa mapiritsi a michere uku ndiwo zili chiwawire mchere kuli ngati kutungira madzi m'lichero. Mchere wambiri umafooketsanso enalapril mwachindunji, ndipo anthu akuda BP yathu imamvera mchere kwambiri kusiyana ndi mitundu ina, zomwe zikutanthauza kuti tikauchepetsa timapindulanso kwambiri. Chepetsani pang'onopang'ono, lilime limazolowera pakadutsa masabata atatu kapena anayi.

Tibwere ku maginiziyamu. Mayi wamkulu amafunika cha m'ma 320 mg patsiku, bambo 420 mg. Amene amapindula kwambiri ndi mapiritsi ake ndi amene ali naye wochepa m'thupi: omwa hydrochlorothiazide kapena furosemide kwa nthawi yaitali, odwala shuga, omwa mowa kwambiri, ndi omwa omeprazole kwa miyezi yambiri. Inu muli m'gulu loyambalo, choncho si zopanda nzeru kufunsa dokotala za iye. Ndipo maginiziyamu akatsika, potaziyamu amakanika kukwera ngakhale munthu atamwa mapiritsi, n'chifukwa chake madokotala amayang'ana onse awiri.

Pabotolo panu palembedwa 500 mg, koma kumeneko kungakhale kulemera kwa magnesium oxide yense. Maginiziyamu weniweni ndi pafupifupi 60 peresenti, kutanthauza 300 mg. Fufuzani kumbuyo kwa botolo pamene alemba kuti "elemental", nambala yake ndi imeneyo. Malire a maginiziyamu wa m'mapiritsi kwa munthu wamkulu ndi 350 mg patsiku malinga ndi akatswiri a ku America, pamene a ku Ulaya amaika pa 250 mg. Ndiye piritsi lanu limodzi lafika kale kumalire, awiri ndi ochuluka. Mtundu wa oxide ndi wotchipa koma umalowa pang'ono m'magazi, wotsalawo umakoka madzi m'matumbo n'kutsegula m'mimba. Mitundu ya citrate ndi glycinate imalowa bwinoko. Kutsegula m'mimbako musakuone ngati nkhani yaing'ono. Munthu amene ali pa enalapril ndi hydrochlorothiazide akataya madzi ambiri, impso zimasowa magazi, zimafooka mwadzidzidzi, ndipo potaziyamu ndi maginiziyamu yemweyo zimaunjikana. Mukatsegula m'mimba kapena kusanza koposa tsiku limodzi, siyani mapiritsi a michere onse, imwani thanzi ORS, ndipo pitani kuchipatala akakuuzeni ngati muyambe mwaimitsa kaye enalapril ndi hydrochlorothiazide mpaka mutachira. Odwala impso asamwe maginiziyamu popanda dokotala. Zizindikiro zoti wachuluka ndi nseru, kufooka kwa minofu, tulo tosaneneka, kugunda kwa mtima mochedwa ndi kupuma movutikira.

Chachikulu kwa inu ndi dolutegravir. Maginiziyamu, kashiyamu, ayironi ndi zinki zimamatirira ku dolutegravir m'matumbo, ndipo mankhwalawo amatuluka osalowa m'magazi mokwanira. Munthu amamwa ma ARV mokhulupirika tsiku lililonse koma viral load (kuchuluka kwa kachilombo m'magazi) n'kumakwera, ndipo kachilombo kamapeza mpata wopima mankhwalawo. Lamulo lake ndi ili: ma ARV amwedwe maola awiri musanamwe michereyi, kapena maola asanu ndi limodzi mutaimwa. Chophweka n'kuzipatula kutalitali. Ngati ma ARV mumamwa 6 koloko m'mawa, maginiziyamu mumwe ndi chakudya chamadzulo. Ngati ma ARV mumamwa usiku, maginiziyamu akhale wa m'mawa. Kashiyamu ndi ayironi amaloledwa kumwera limodzi ndi dolutegravir pokhapokha ngati mukumwera pa chakudya, koma chilolezo chimenechi sichikhudza maginiziyamu. Mankhwala a chilungulira monga magnesium trisilicate nawonso ali m'gulu lomweli, ndipo wamadzi uja amakhalanso ndi soda. Ciprofloxacin, doxycycline ndi levothyroxine nazonso zimagwidwa chimodzimodzi, zizitalikirana ndi michereyi.

M'chakudya, maginiziyamu ali mu nthanga za maungu, zomwe dzanja limodzi limapereka cha m'ma 150 mg, mu mtedza, nsinjiro, nyemba, soya ndi masamba obiriwira. Chimene chingasinthe zambiri pakhomo ndi ufa. Maginiziyamu ndi potaziyamu wa m'chimanga amakhala kwambiri mu gaga ndi mu mtima wa njere, zimene zimachoka pokonola, ndipo kuviika mphale kumachotsanso wina. Mgaiwa uli ndi maginiziyamu wochuluka katatu kapena kuposa poyerekeza ndi ufa woyera. Munthu wodya nsima kawiri patsiku akangosintha ufa wapeza gawo lalikulu la zimene piritsi likanamupatsa. Ngati apabanja akukana mgaiwa, yambani ndi kusakaniza theka ndi theka.

Kashiyamu sitichedwapo. Ngati cholinga ndi BP yokha, sapindulitsa mokwanira kuti mugule. Pa msinkhu wanu angafunike chifukwa cha mafupa, poti amayi opitirira zaka 50 amafunika pakati pa 1,000 ndi 1,200 mg patsiku kuphatikiza wa m'chakudya. Koma hydrochlorothiazide amachititsa impso kusunga kashiyamu, ndiye mukawonjeza mapiritsi ambiri ndi vitamini D, akhoza kuchuluka m'magazi n'kubweretsa ludzu, kukodza pafupipafupi, kudzimbidwa ndi kusokonezeka mutu. Mapiritsi a kashiyamu amawonjezeranso mpata wa timiyala ta mu impso mwa anthu ena. Mukauzidwa kumwa, musapitirire 500 mg pakamodzi chifukwa thupi silitenga woposa pamenepo bwinobwino, ndipo calcium carbonate amafuna kumwera pa chakudya. Piritsi lolembedwa 1,250 mg calcium carbonate lili ndi kashiyamu weniweni 500 mg. Pewani aja osungunula m'madzi n'kumachita thovu, chifukwa thovulo limachokera ku soda. Usipa ndi matemba odyedwa ndi minga yake, bonongwe, chambiko ndi malambe zimapereka kashiyamu wabwino.

Pamene kashiyamu amalangizidwa kwambiri ndi kwa amayi oyembekezera, ndipo izi muwauze ana anu aakazi. M'madera amene anthu amadya kashiyamu wochepa, WHO yakhala ikulangiza 1,500 mpaka 2,000 mg patsiku, wogawa katatu, pofuna kupewa BP ya pa mimba imene imatupitsa thupi ndi kugwetsa khunyu. Kafukufuku wa ku India ndi Tanzania wotuluka mu 2024 anapeza kuti 500 mg patsiku amateteza ku matendawa mofanana ndi 1,500 mg. Mlingo wake aziuzidwa kusikelo, ndipo azimwa nthawi yosiyana ndi mapiritsi owonjezera magazi. Jakisoni wa magnesium sulphate amene amabaya amayi otere kuchipatala ntchito yake n'kuletsa kukomoka, osati kuchiza BP, ndipo asakusokonezeni ndi Epsom salt wa m'masitolo amene akamwedwa amangotsegula m'mimba. Zinki, seleniyamu ndi ayironi zili ndi ntchito zake m'thupi, koma kutsitsa BP si imodzi mwa izo.

Funso lofunika kuposa la mabotolo ndi lakuti, n'chifukwa chiyani BP yanu ikukanirira pa 150/94 muli pa mankhwala awiri? Zoyamba kuziona ndi zimene tatchula kale, mchere ndi mankhwala opha ululu, kuphatikizapo kudumphitsa masiku mankhwala akatha, mowa, kunenepa ndi kuliza mkonono kodukiza mpweya usiku. Chinanso ndi mtundu wa mankhwalawo. Kafukufuku wotchedwa CREOLE, wochitika m'maiko asanu ndi limodzi a mu Africa kuphatikizapo Mozambique, Kenya ndi South Africa, ndipo wotuluka mu 2019, anayerekeza mankhwala ophatikiza awiriawiri pa anthu akuda. Amlodipine wophatikiza ndi hydrochlorothiazide, komanso amlodipine wophatikiza ndi perindopril, anatsitsa BP kuposa perindopril wophatikiza ndi hydrochlorothiazide. Perindopril ndi m'bale wake wa enalapril, kutanthauza kuti kaphatikizidwe kanu kali m'gulu lofookerapo lija. Izi sizikutanthauza kuti dokotala wanu analakwitsa, poti enalapril amateteza impso mwa odwala shuga ndi amene mkodzo wawo uli ndi mapuloteni. Koma n'koyenera kumufunsa ngati angakuwonjezereni amlodipine wa 5 mg. Amlodipine sakweza potaziyamu, sasemphana ndi dolutegravir, ndipo yekha angatsitse BP kuposa maginiziyamu ndi kashiyamu mutawaphatikiza. Vuto lake lodziwika ndi kutupa kwa akakolo, makamaka pa 10 mg.

Tsiku la kiliniki nyamulani mabotolo atatuwo pamodzi ndi mankhwala ena onse amene mumamwa, a zitsamba omwe, dokotala kapena wa ku famase awerenge yekha zolembedwapo. A ku kiliniki ya ma ARV nawo adziwe. Potaziyamu akapezeka kuti ali pamwamba pa 5.0 kapena creatinine wakwera, ndiye kuti mapiritsi a potaziyamu, mchere wa potaziyamu ndi maginiziyamu zonse zaletsedwa, ndipo ngakhale nthochi ndi mapeyala mudzauzidwa mlingo wake. Akapezeka pansi pa 3.5, dokotala ndi amene asankhe chochita, mwina kusintha hydrochlorothiazide kapena kukupatsani potaziyamu wa mlingo woyezedwa. Akakhala pakati, limbikirani mbale ija, ndipo maginiziyamu mukhoza kumuyesa osapitirira piritsi limodzi patsiku, pa chakudya, motalikirana ndi ma ARV.

Kuti mudziwe ngati chinthu chikuthandiza, sinthani chimodzi pakamodzi ndipo muyeze moyenera, apo ayi kusiyana kwa 2 kapena 3 sikungaoneke, chifukwa BP imasinthasintha kuposa pamenepo pa tsiku limodzi. Makina a pamkono wam'mwamba ndi odalirika kuposa a padzanja, ndipo lamba wake akwane bwino, chifukwa wamng'ono pa mkono waukulu amaonetsa nambala yokwera monama. Musamwe tiyi kapena khofi kwa mphindi 30, yambani mwakodza, khalani pampando wotsamira kwa mphindi zisanu, mapazi pansi osapingasa miyendo, mkono pa tebulo molingana ndi mtima, osayankhula. Yezani kawiri motalikirana mphindi imodzi, m'mawa musanamwe mankhwala ndi madzulo, kwa masiku 7. Manambala a tsiku loyamba atayeni, otsalawo muwaphatikize n'kupeza nambala yapakati. Kunyumba, 135/85 kapena kuposa ndiye kuti ikadali yokwera. Chitani zimenezi musanasinthe kanthu, kenako mubwerezenso patatha masabata 4 mutachepetsa mchere, ndi miyezi itatu mutayamba maginiziyamu. Ikapanda kusuntha pa miyezi itatuyo, botolo likatha musagulenso.

Makina akaonetsa 180/120 kapena kuposa, pumulani mphindi zisanu n'kuyezanso. Ikakhalabe pomwepo pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Ngati pali mutu waukulu, kusaona bwino, kupweteka pachifuwa, kubanika, kupotoka kukamwa, lilime kulemera kapena dzanja kufooka mbali imodzi, musadikirenso kuyeza kachiwiri ndipo musamwe chilichonse cha m'mabotolomo poyesa kuitsitsa, pezani galimoto nthawi yomweyo.